Mfuti Yomaliza ya a Desmond

Tadala ndi Limbikani, ndamva kangapo mukuuza anzanu kuti bambo anu anali enjiniya. Sindinali enjiniya. Ndinali wokonza mfuti, ndipo ntchitoyi ndaigwira m'mayiko awiri popanda kuwomberapo munthu kapena nyama. Za ubwana wanga ku Ntcheu mayi anu anakuuzani kale, mwinanso mokometsa kuposa mmene zinalili. Pano ndilemba za ntchito zokha.

Zomba, 1977

Nditamaliza maphunziro a zazitsulo kusukulu ya zaluso, ndinalembedwa ntchito pakampu ina ku Zomba, m'nyumba yosungiramo zida. Sindinali munthu wa perete. Ndinali wa ovololo, wa tupa ndi vayisi yopanira zitsulo. Mkulu wathu anali Sajeni Gondwe, Mtumbuka wamtali wa ku Rumphi, wosakonda kulankhula. Tsiku loyamba anandiimika pa benchi n'kundipatsa chidutswa cha chitsulo kuti ndichipale ndi tupa mpaka mbali zonse zifanane. Ndinapala mlungu wonse. Loweruka anachitenga, anachitembenuza, n'kuchiponya m'ndowa ya zinyalala. "Yambanso," anatero. Mfuti yeniyeni ndinaloledwa kuigwira mvula itayamba kale.

Chimene ndimakumbukira kwambiri pa zaka zimenezo ndi kusowa kwa zinthu. Mfuti zambiri zinali zakale, zosiya atsamunda, ndipo ziwalo zake zinali zitasiya kubwera. Tupa labwino linali limodzi, ndipo Sajeni ankalitsekera m'kabati mwawo ngati mankhwala. Oilo akatha tinkapempha wa makina osokera kwa atelala a pakampupo. Mfuti ikafa tinkaiphwasula kuti ziwalo zake zichiritse zinzake, moti panali mfuti zina zimene zinali ndi makolo anayi kapena asanu. Nthawi ina kunali kubwera akuluakulu odzayendera, ndipo bwana wina wa nyenyezi paphewa analowa n'kulamula kuti mfuti zonse zikhale zabwino pofika Lolemba. Sajeni anayankha ali chiimire: "Bwana, zowala zikhala zonse. Zowomba zikhala theka." Bwanayo anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala, n'kutuluka. Lolemba zinawaladi zonse, ndipo palibe amene anafunsa zambiri.

Mu 1986 ananditumiza ku Karonga. Kumeneko mdani anali dzimbiri. Mfuti yopaka oilo lero, mawa inkadzuka ndi mawanga ofiira. Ndinali ndekha m'kachipinda ka malata, wopanda wondiyang'anira, ndipo ndi kumene ndinaphunzira kudzitsutsa ndekha, chifukwa panalibe wina wondiponyera ntchito m'ndowa. Ndi kumenenso ndinakumana ndi mayi anu, amene ankagwira ntchito pachipatala chaching'ono. Pambuyo pake tinasamukira ku Lilongwe, ndipo mu 1999, pamene ankachepetsa antchito, dzina langa linali m'gulu la ochoka. Ndinatsegula kashedi ku Kawale kowotcherera zitseko ndi mawindo achitsulo. Sikanatilemeretse, koma munkapita kusukulu mutavala nsapato.

Dublin, 2003

Mayi anu ndiwo anatsogola kubwera kuno, atapeza ntchito yosamalira okalamba. Ife atatu tinawatsatira, n'kukhala m'kanyumba ka lendi ku Mulhuddart. Mapepala anga a ntchito ya mfuti analibe phindu kuno. Amene ndinkawaonetsa ankangowayang'ana n'kundibwezera mwaulemu. Ndinatsuka mbale pahotela ina, kenako ndinapeza malo pafakitale ya ku Coolock yopanga masinki ndi matebulo achitsulo a m'makhitchini. Ntchito yanga inali yopolisha. Tsiku lonse ndinkaima pa gudumu lozungulira, mphuno nditaphimba, chitsulo chikulowa m'manja mwanga chakuda n'kutuluka chikuwala. Sindinkadandaula. Chitsulo ndi chitsulo basi.

Tsiku lina mu 2007 kunabwera mzungu wachikulire, wamfupi, wa nsidze zoyera, atanyamula tizitsulo m'kansalu. Makina ake opolishira anali atafa, ndipo kapitawo wathu, amene anali mnzake, anandiuza kuti ndimuthandize. Nditamasula kansaluko ndinaona kuti ndi ziwalo za mfuti ya mipope iwiri. Ndinafunsa ngati akufuna kuti ngodya zake ndizisiye zakuthwa monga zinachokera kwa wopanga, chifukwa gudumu limakonda kudya ngodya.

"Unagwirapo mfuti?" anandifunsa.

"Zaka zoposa makumi awiri, ku Malawi."

"Ndipo pano ukupukuta masinki?"

"Masinki nawonso amafuna munthu," ndinatero.

Amenewa anali a Desmond. Tinkalankhula Chingerezi, chimene chilibe iwe ndi inu, koma m'mutu mwanga iwo anali inu, ine ndinali iwe, ndipo ndilemba momwemo. Anandiitana kukagwira ntchito kwawo. Apolisi a kuno anatenga miyezi kufufuza mbiri yanga, mpaka kulembera kumudzi, ndipo ndinayamba chisanu chitalowa.

Swords, 2007 mpaka 2017

Shopu inali kunja pang'ono kwa Swords, kuseri kwa nyumba yawo, pamalo pamene ndege zinkadutsa motsika mpaka mawindo kunjenjemera. Tinalipo atatu: a Desmond, akazi awo mayi Breda amene ankayankha mafoni ndi kusunga mapepala kutsogolo, ndi ine. Dzina langa loti Gerevazio linawakanika tsiku loyamba lomwe, ndiye ndinasanduka Gerry. Makasitomala athu ambiri anali alimi a mfuti zopitikitsira nkhandwe ndi akhwangwala, alenje a agwape a m'mapiri, ndi anthu a masewera owombera chandamale.

Muyenera kudziwa kuti kuno mfuti ya m'manja, imene timati pisito, si chinthu chimene munthu amangokhala nacho. Amaloledwa ndi anthu ochepa a mipikisano, ndipo imakhala ya tizipolopolo ting'onoting'ono. Laisensi imene apolisi amapereka imakhala ya mfuti imodzi yokhayo, ya nambala yakeyo. Ikakhala yolakwika sungaibweze n'kutenga ina pashelefu. Ukatero uyambiranso mapepala onse. Kusowa kwa zinthu kunaliponso kuno, koma kwa mtundu wina. Ku Zomba chitsulo kunalibe. Ku Swords chitsulo chinalipo, koma chili kutsidya kwa nyanja chikudikira siginecha ya munthu amene wapita kutchuthi.

Ntchito tinagawana chonchi: zokonzakonza zonse zinali zanga, koma mfuti zopangira munthu mmodzi, za oda, zinali za a Desmond okha, m'chipinda chamkati. Thupi la mfuti ndi mpope ankaitanitsa kunja. Zotsalazo zinali za manja awo: kusema chogwirira molingana ndi chikhatho cha mwiniwake, kulunzanitsa zitsulo kuti zigwirane popanda mpata, kupolisha, kudetsa chitsulo kuti chikhale chakuda mobiriwira, ndipo pomaliza kulemba dzina lawo pambali ndi kachitsulo kozokotera. Ntchito yabwino ngati yawo sindinaionepo kwina. Pamene thabwa linkakumana ndi chitsulo, tsitsi silikanalowa. Koma sanali munthu wosavuta. Ankatukwana zida ngati zimamva, sankalola wailesi, ndipo sankayamikira. Ntchito yanga ikawakomera ankangoti "Grand," kutanthauza kuti zili bwino, n'kutembenuka. M'zaka zonsezo anabwera kunyumba kwathu kamodzi, pa tsiku limene iwe Tadala unamaliza sekondale, ndipo anakhala pakona atavala tayi, akudya mandasi mosamala ngati angaphulike.

2018

Orla ankagwira ntchito ku eyapoti, kumbali yokweza katundu m'ndege. Anali mayi wa zaka za m'ma fote, ndipo a Desmond anamudziwa ali kamtsikana, akubwera kushopu ndi bambo ake amene tsopano anali atamwalira. Ankawombera chandamale kuyambira ali wamng'ono. Zaka zingapo m'mbuyomo lamba wa makina a katundu anamugwira dzanja lamanja, n'kudula zala ziwiri zakumapeto, ndipo pachikhatho panatsala chipsera chachikulu. Pisito wamba sankathanso kuigwira bwino. Anafuna yopangira dzanja lakelo, ndipo anali atadikira nthawi yaitali kuti laisensi ituluke. Kumapeto kwa chaka kunali mpikisano wosankha opita kukapikisana kunja, ndipo iye ankati umenewu ndi mwayi wake womaliza, chifukwa achinyamata anali atayamba kumupitirira.

A Desmond anaumba dzanja lake m'dongo, n'kudzitsekera m'chipinda chamkati chilimwe chonse. Panali zinthu zimene ndinkaziona koma osazisonkhanitsa. Anali atasiya kuyendetsa galimoto, akuti bondo. Akafuna kuona chinthu ankapendeketsa mutu, n'kuchiyang'ana ndi m'mbali mwa diso ngati nkhuku. Makalata onse ankawerenga mayi Breda. Ndinkati ndi ukalamba chabe.

Lachisanu lina mu September anatuluka m'chipindamo atanyamula pisito ija pansalu yobiriwira. "Yatha, Gerry. Ipukute uiike m'bokosi. Orla abwera Lachitatu." Anali osangalala, ananyamuka kupita kukameta.

Ndinaiika pa benchi pansi pa nyale. Choyamba chimene ndinaona chinali chogwirira. Mawonekedwe ake anali olondola, molingana ndi dongo lija, koma pamene thabwa linkakumana ndi chitsulo panali mpata woti chikhadabo chinkalowa, ndipo mbali ina thabwa linatumphuka kupitirira chitsulo. Pamalo ena anamata ndi utuchi wosakaniza guluu, chinthu chimene iwo eni ankatukwana akachiona pa ntchito ya ena. Mitu ya masikuluwu inali yodyeka chifukwa sikuludiraiva inkaterereka. Mtundu wakuda wa chitsulo unali wa mawangamawanga, pena pofiirira, ndipo pansi pake mizere ya tupa inkaoneka bwinobwino. Silaidi, chitsulo chotsetsereka cha pamwamba, chinkakhula mbali imodzi mpaka kusiya kanjira koyera. Kachitsulo kolozera ka kutsogolo kanali kopendekera kumanzere. Chitsulo chozungulira tiriga, kachitsulo kokoka powomba, chinali ndi ngodya yakuthwa pamalo enieni pamene chipsera cha Orla chikanatsamira. Ndipo dzina lawo, limene kwa zaka zambiri linkakhala lowongoka ngati losindikiza, linayamba bwino n'kumatsetsereka, chilembo chomaliza chili m'munsi mwa zinzake.

Ndinaiphwasula kuti ndione mkati. Mkati munali bwino. Mfutiyo sikanavulaza munthu, ndipo ikanawomba. Imeneyi ndiyo inali mbali yovuta, chifukwa ikanakhala yoopsa sipakanakhala choganiza.

Nditakweza mutu ndinapeza mayi Breda ataima pakhomo. Sanayang'ane mfutiyo, anayang'ana ine.

"Waona," anatero.

"Ndaona. Zayamba liti?"

"Chaka chatha. Adokotala akuti ndi nthenda imene imadya pakati pa diso, munthu n'kumangoona za m'mbali. Ilibe mankhwala. Iyeyo akuti akuona mokwanira." Analowa n'kutseka chitseko. "Gerry, makiyi uli nawo. Masiku awiriwa, Loweruka ndi Lamlungu, ndimutengera kwa mchemwali wanga ku Wexford. Konza zimene ungathe. Sadziwa. Sangaone kusiyana."

Ndinawauza kuti chogwirira chifunika thabwa latsopano, ndipo chitsulo chifunika kuchipala n'kuchidetsanso. Si ntchito ya masiku awiri.

"Ndiye bisa zimene zingabisike. Orla amamukonda, sadandaula." Anapitiriza: "Ndakhala naye zaka fote faifi. Ukamuchotsa m'chipinda icho, wamuika m'manda. Ndipo iwenso uganize. Laisensi ya shopu ino ili m'dzina lake. Iye akasiya, chitseko chatsekedwa. Uli ndi zaka zingati?"

Ndinali ndi zaka 62. Penshoni ya boma inali kutsogolo zaka zinayi, ndipo iwe Limbikani unali chaka chachiwiri kukoleji.

M'mawa mwake mayi anu atabwera kuchokera ku night shift ndinawafotokozera zonse ali chikhalire pampando, mapazi ali m'beseni la madzi otentha. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Bambo a Tadala, mkazi wa munthu wakupemphani. Amene amamudziwa mwamuna wake ndi iyeyo, si inu. Ife kuntchito timachita zimenezi tsiku ndi tsiku. Gogo wina amafunsa ngati mwamuna wake abwera, ife timati abwera, chonsecho anamwalira kalekale. Si bodza limenelo, ndi chifundo."

"Gogo ameneyo mutu unasokonekera, Nabanda. A Desmond mutu uli bwinobwino."

"Ndiye mukufuna muwapweteke chifukwa mutu uli bwino? Nanga rent? Nanga fees za mwana? Ndani alemba ntchito munthu wa sikisite thu?"

Ndinangowauza chimene chinkandivuta: kuti lero cholakwika chili kunja kwa mfuti, pamene ine ndingachione. Pashelefu ya m'chipinda chamkati panali mfuti zina ziwiri za alenje zodikira, za zipolopolo zazikulu, ndipo a Desmond sankalola munthu kuona mkati mwa ntchito yawo. Tsiku lina cholakwika chidzakhala mkati, ndipo adzachipeza ndi munthu amene waika tsaya lake pa mfutiyo.

Mayi anu anapukuta mapazi. "Mwaganiza kale," anatero. "Mukungofuna ndikuvomereni. Sindikuvomerani, koma sindikuletsani." Anapita kukagona.

Kushopu sindinapite masiku awiriwo. Lolemba ndinafika m'mawa, ndinaika pisito pa benchi, n'kudikira. Mayi Breda atalowa n'kuiona ili momwe inalili, anatembenuka n'kubwerera kutsogolo. A Desmond analowa akuvula jekete.

"Bwanji sili m'bokosi?"

"Sinathe, a Desmond."

"Wati chiyani?"

Ndinayamba kutchula chimodzichimodzi, monga mmene ndikanauzira kasitomala za mfuti ya munthu wina: mpata wa pa chogwirira, utuchi, masikuluwu, mawanga, mizere ya tupa, kolozera kopendekera. Mawu anga sanakwere. Nkhope yawo inafiira kuyambira m'khosi.

"Ndinakutola ukupukuta masinki," anatero.

"Zoona."

"Ndipo lero ukundiphunzitsa ntchito m'nyumba mwanga?"

"Sindikukuphunzitsani. Ndikukuuzani zimene zili pa benchi. Mukanakhala inu mukanandiuza."

Anaitenga n'kupita nayo pawindo. Anapendeketsa mutu uku ndi uku, anaiyandikiza, anaitalikitsa. Kenako anasiya kuyang'ana. Anayendetsa chala chachikulu pamene thabwa limakumana ndi chitsulo, ndipo chikhadabo chinakodwa mumpata muja. Anaima. Anapitiriza pang'onopang'ono, pa masikuluwu, pa silaidi, mpaka pa chitsulo chozungulira tiriga, pamene ngodya ija inawacheka. Kadontho ka magazi kanatuluka. Anakayang'ana kapena kuyesa kukayang'ana.

"Breda wakutuma?"

"Ayi. Iwo anandipempha kuti ndikonze mobisa."

Ndege inadutsa, mawindo ananjenjemera, ndipo tinadikira kuti phokoso lithe ngati mmene tinkachitira nthawi zonse.

"Pita kwanu, Gerry," anatero.

Ndinakwera basi kubwerera ku Mulhuddart dzuwa lisanafike pamutu. Mayi anu sanandifunse chilichonse. Anangondipatsa mndandanda wa zogula. Ndinakhala pakhomo mlungu umenewo wonse, osadziwa ngati ndachotsedwa ntchito kapena ayi.

Zimene zinachitika Lachitatu ndinazimva kwa Orla pambuyo pake. A Desmond anamukhazika pansi, anamupatsa pisito ija, n'kumuuza okha zolakwika zonse, ndiponso za maso awo. Orla anati aitenga momwemo. Ngodya aimata tepi, kolozera akazolowera. Iwo anakana. Anati mfuti imeneyo situluka pakhomo pawo ili choncho, ngakhale mpikisano umudutse. Orla analira, anawakalipira, n'kuchoka.

Lolemba lotsatira foni inalira. "Half eight," anatero a Desmond. "Ubwere ndi magalasi ako." Anadula.

Tsiku limenelo ndinalowa m'chipinda chamkati koyamba ngati wantchito, osati wodzasesa. Mfuti ziwiri za alenje zija anali atazibweza kale kwa eni ake ndi dzina la wokonza wina wa kumadzulo. Pa benchi panali pisito ya Orla yokha, dongo la dzanja lake, ndi thabwa latsopano.

"Manja ndi maso ndi ako," anatero. "Koma mfuti ndi yanga. Upanga zimene ndikuuza."

2019

Tinaigwira chisanu chonse. Ine ndinkasema, iwo atakhala pambali panga. Ndikapala pang'ono ndinkawapatsa, iwo n'kuyendetsa zala, n'kundibwezera: "Apa patsala." Nthawi zambiri ankanena zoona, ngakhale pamene maso anga ankati pakwana. Chogwirira tinachibwereza, chifukwa choyamba chimene ndinasema anachikana. Chitsulo ndinachipala chonse mpaka mizere kutha, ndinachipolisha ndi manja osati gudumu, n'kuchidetsanso. Masikuluwu atsopano anachedwa kubwera kuchokera kunja monga mwa masiku onse. Anandiphunzitsa zinthu zimene sanandionetsepo zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ankazinena mokalipa, ngati ndine ndinachedwa kufunsa.

Mpikisano uja unadutsa Orla alibe mfuti. Amene anasankhidwa anali mtsikana wina wa ku Cork. Orla ankabwera kudzayesa chogwirira m'dzanja lake, ankalankhula ndi a Desmond, koma ine ankangondigwedezera mutu. Sindinamuimbe mlandu. Mwayi umene ankaunena sunabwerenso. Amawomberabe mpaka lero, koma kunja sanapite. Mayi Breda anasiya kundilankhula kupatula za ntchito, ndipo mpaka pano tikakumana amandipatsa moni wa munthu wachilendo. Shopu inatsekedwa kumapeto kwa March. Ine ndinapeza malo pakashopu kodula makiyi ndi kukonza maloko ku Coolock, malipiro ake ochepa, ndipo ndinakhala pamenepo mpaka penshoni. Iwe Limbikani ukukumbukira kuti chaka chimenecho unayamba kugwira ntchito Loweruka ndi Lamlungu kusitolo. Chifukwa chake chinali chimenechi. Mayi anu anawonjezera mashifiti ndipo sanandikumbutsepo. Ngati ndinalakwa kapena ayi, muweruze nokha. Ine ndalemba zimene zinachitika.

Chinthu chimodzi sitinachikonze: dzina lopendekera lija. Kuti lichoke panafunika kudya chitsulo chambiri pafupi ndi nambala ya mfuti, ndipo pamenepo lamulo silola kukhudza. A Desmond anafuna kuti ndiliphimbe ndi kambale kachitsulo. Orla atamva anakana. "Limenelo ndi dzanja lanu," anatero. "Lisiyeni." Anang'ung'udza, koma analisiya.

Pisito ija tinakaipereka Loweruka lomaliza shopu isanatsekedwe, kumalo owomberako chandamale a kalabu ya Orla, kumpoto kwa Swords. Kunali mphepo yozizira. Mayi Breda anatiperekeza pagalimoto koma anatsala momwemo. Orla anatsegula bokosi, anatenga pisito, ndipo dzanja lake la zala zitatu linalowa m'chogwiriracho osafunafuna malo. Anaikweza, anaitsitsa, anaikwezanso. Tinavala zotseka m'makutu. A Desmond anaima kumbuyo kwake atatsamira ndodo, nkhope italoza kumene kunali chandamale, ngakhale ndikudziwa kuti pepalalo sankaliona.

Anawomba mosafulumira, akupuma pakati. Atamaliza anatsitsa mfuti, anaitsegula, n'kuiika patebulo. Woyang'anira malowo atalola, anayenda yekha kukachotsa pepala lija.

"Zili bwanji?" anafunsa a Desmond. "Gerry, zili bwanji? Ndiuze zoona."

Ndisanayankhe Orla anali atafika. Anatenga dzanja la a Desmond, anatambasula chikhatho, n'kuikapo pepalalo. Iwo anayamba kufufuza ndi chala kuchokera m'mphepete, pamene panalibe kanthu, akulowera mkati pang'onopang'ono. Pakati penipeni chalacho chinapeza pobooka. Zipolopolo zonse zinali zitadutsa malo amodzi, n'kusiya bowo limodzi long'ambika m'mbali, loti nsonga ya chala inakwanamo.

Anakhala choncho nthawi yaitali, chala chili m'bowomo, mphepo ikugwedeza pepala.

"Chipsera chikupweteka?" anafunsa.

"Ayi," anatero Orla. "Sindinachimve n'komwe."

A Desmond anapinda pepalalo mosamala, analiika m'thumba la mkati la jekete, n'kundigwira pachigongono kuti ndiwatsogolere kugalimoto.